Kusunga Makope a Mafayilo Pamene Intaneti Ikukwawa

Mayi ena amene ali ndi kashopu kotayipira makalata ndi kusindikizira mapepala ku Highfield, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, anandiitana tsiku lina kuti ndikaone laputopu yawo. Anali atayamba kutumiza foda yonse ya ntchito zawo kumalo osungira zinthu a pa intaneti Lolemba m'mawa, koma pofika Lachinayi kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanali kasanafike ngakhale pakati, ndipo bandulo yachiwiri inali itatha. "Achimwene," anandifunsa, "kodi chinthuchi chikuyenda, kapena chikungondidyera ndalama?" Kuyenda chinkayenda ndithu. Vuto linali lakuti m'fodamo munali mavidiyo a maukwati atatu, nyimbo, mapulogalamu akale, ndiponso makalata a makasitomala amene anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi zinazo, pamene makalatawo ndiwo anali chuma chenicheni cha shopuyo.

Malangizo otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi: katundu wolemera ayende pamanja kamodzi kokha, ndipo netiweki izinyamula zokhazo zimene zasintha tsiku limenelo. Ndalemba poganizira munthu wa kabizinesi kakang'ono, mlembi wa mpingo, msungichuma wa bungwe lothandizana pamaliro ku Mbare kapena ku Mufakose, kapenanso wophunzira amene ali ndi ntchito ya chaka chonse m'laputopu imodzi.

Gawo loyamba: yezani liwiro lotumizira, kenaka muwerengere nthawi

Liwiro limene makampani amalengeza kawirikawiri ndi la kutsitsa zinthu kuchokera pa intaneti, pamene kusunga makope kumadalira liwiro la kutumiza, lomwe nthawi zambiri limakhala locheperapo. Pa ADSL, intaneti yodzera pa waya wa lamya, kusiyana kumeneku n'kochita kupangidwa dala, ndipo liwiro lotumizira silipitirira kwenikweni 1 Mbps (mabiti 1 miliyoni pa sekondi) ngakhale waya utakhala wabwino. Tsegulani Speedtest kapena fast.com, muyang'ane nambala yolembedwa kuti upload. Yezani katatu: m'mawa, madzulo anthu ataweruka, ndiponso usiku kwambiri. Musamayeze pafupipafupi ngati muli pa bandulo, chifukwa kuyezako nakonso kumadya data.

Tsopano samu yake. Liwiro limayezedwa m'mabiti, pamene kukula kwa fayilo kumayezedwa m'mabaiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8. Choncho pa liwiro la 1 Mbps, kutumiza 1 GB kumatenga masekondi 8,000, omwe ndi maola awiri ndi mphindi 13. Foda ya 40 GB ingafune maola pafupifupi 89, ndiye kuti masiku anayi osalekeza, magetsi osazima, netiweki yosaduka. Liwiro likatsika kufika pa 256 kbps, 1 GB yomweyo imafuna maola oposa 8 ndi theka. Koma taonani mbali inayo: ngati patsiku mumasintha kapena kuwonjezera makalata okwana 50 MB, pa liwiro lokwawa lomwelo la 256 kbps ntchitoyo imatha m'mphindi 26. Manambala amenewa alembeni papepala, pakuti ndiwo adzakuuzeni chimene chingadutse pa netiweki yanu ndi chimene sichingadutse.

Gawo lachiwiri: gawani mafayilo m'milu itatu

Gawo limeneli anthu ambiri amalilumpha, komabe ndilo limapulumutsa ndalama zambiri kuposa pulogalamu ina iliyonse. Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene simungazipezenso kwina kulikonse ndipo zimasintha kawirikawiri: makalata, mabuku a ndalama, kaundula wa mamembala, mapangano, zithunzi za ziphaso ndi zitupa. Mulu umenewu nthawi zambiri sukwana ngakhale 2 GB, ndipo ndiwo wokha woyenera kupita pa intaneti usiku uliwonse. Mulu wachiwiri ndi wa zinthu zamtengo wapatali koma zolemera ndi zosasintha, monga zithunzi ndi mavidiyo a ukwati, a chinkhoswe kapena a ulendo wokaona abale kumudzi ku Dedza kapena ku Mangochi. Zimenezi malo ake ndi pa hard drive. Mulu wachitatu ndi wa zinthu zimene mungazitsitsenso: mafilimu, nyimbo, mafayilo oikira mapulogalamu, ndi zambiri za m'foda ya Downloads. Zimenezi musazitayire data ngakhale pang'ono.

Pangani foda imodzi, mwachitsanzo yotchedwa Ntchito, muikemo mulu woyamba wonse. Dinani batani lakumanja la mausi pafodayo, musankhe Properties, kuti muone kukula kwake. Kumbukirani kuti malo aulere ali ndi malire: Google imapereka 15 GB yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Google Photos, ndipo kuyambira mu 2024 makope a WhatsApp a mafoni a Android nawonso amawerengeredwa momwemo, OneDrive imapereka 5 GB, pamene Dropbox imapereka 2 GB.

Pali mafayilo ena ofunika kusamala nawo. Mapulogalamu owerengera ndalama monga Sage Pastel kapena QuickBooks, komanso Outlook ndi fayilo yake ya makalata yothera ndi .pst, amagwiritsa fayilo yawo nthawi yonse imene ali otsegula, ndipo kope lotengedwa pa nthawi imeneyo likhoza kukhala lopunduka. Tsekani pulogalamuyo kaye, kapena mugwiritse ntchito batani lake lenileni la backup kuti likupangireni fayilo yapadera m'foda ya Ntchito.

Gawo lachitatu: kope loyamba liyende pamanja

Gulani hard drive yolumikiza pa USB, ndipo ngati thumba lilola, mugule ziwiri. Koperanimo mulu woyamba ndi wachiwiri. Zimene zikanatenga masiku anayi pa netiweki zimatha pasanathe ola limodzi pa chingwe cha USB 3.0. Hard drive imodzi ikhale pantchito, inayo muipereke kwa mbale wokhala dera lina. Ngati shopu ili m'tauni ndipo kwanu ndi ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa, ulendo umodzi wa kombi (minibasi) wakwanira. Akatswiri amatchula dongosolo limeneli kuti 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi mwa makopewo likhale kutali ndi pamene pali kompyuta. Chifukwa chake n'chodziwikiratu, pakuti mbala yolowa m'shopu imanyamula laputopu pamodzi ndi hard drive imene ili pambali pake, ndipo moto nawo susankha.

Mawu awiri okhudza fulashi. Pamsika pali mafulashi achinyengo amene kunja amalembedwa 128 GB, kompyuta n'kuwerenganso 128 GB, koma m'kati muli malo ochepa kwambiri, moti mafayilo atsopano amafufuta akale mwakachetechete pamene mayina onse akuonekabe bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Fulashi kapena hard drive yatsopano iyeseni ndi pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena f3 pa Linux, musanaikhulupirire. Onaninso mmene inakonzedwera: ya FAT32 imakana fayilo yoposa 4 GB, choncho mavidiyo aakulu amafuna exFAT kapena NTFS.

Ngati mukufuna kuti kope loyamba la mulu woyamba lifikenso pa intaneti, musalikakamize kudzera pa bandulo ya foni. Nyamulani laputopuyo kupita kumene kuli intaneti yothamanga ya fibre, kaya ndi kumalo ogulitsa intaneti m'tauni kapena ku ofesi ya mnzanu mutapempha chilolezo kwa eni ake, mukamalize ntchitoyo tsiku limodzi. Kuchokera pamenepo netiweki yanu ya kunyumba idzangotsala ndi kantchito kopepuka.

Gawo lachinayi: sankhani chida chimene sichiyambiranso pachiyambi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kukoka foda n'kuiponya m'tsamba la intaneti ndi njira yoipa kuposa zonse pa netiweki yodukaduka, chifukwa ikaduka simudziwa bwinobwino chimene chafika ndi chimene chatsala. Chida chabwino chiyenera kuchita zinthu zitatu: kudumpha mafayilo amene anafika kale, kupirira netiweki ikaduka, ndiponso kukulolani kuchepetsa liwiro lake.

Kwa munthu amene sakufuna kulemba malamulo pa sikirini yakuda (Command Prompt pa Windows, Terminal pa Mac ndi Linux), mapulogalamu a Google Drive, OneDrive ndi Dropbox oika pakompyuta amakwanitsa zitatuzi. Koma dziwani chinthu chimodzi chimene ambiri amachizindikira mochedwa: mapulogalamu amenewa ntchito yawo ndi kufananitsa mbali ziwiri. Mukafufuta fayilo pakompyuta, imafufutikanso kumene inasungidwa. Kachilombo ka ransomware, kamene kamatseka mafayilo kuti mulipire ndalama, kakamanga mafayilo anu, mafayilo omangidwawo ndiwo amatumizidwa. Google Drive imasunga zofufutidwa m'bini kwa masiku 30 okha. Munthu amene wazindikira patapita miyezi iwiri kuti kaundula wa chaka chatha kulibe, binilo silingamuthandize. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti mapulogalamu amenewa ndi othandiza pokhapokha pali hard drive ija pambali.

Chida chimene ndimachikonda potumiza ku malo a pa intaneti ndi rclone, yomwe ndi yaulere ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Mukailumikiza ndi akaunti yanu kudzera mu lamulo la rclone config, n'kutcha malowo dzina loti kutali, lamulo la tsiku ndi tsiku limaoneka chonchi:

rclone copy C:\Ntchito kutali:Makope --transfers 1 -P

Mawu oti copy ndi ofunika kwambiri. Amatumiza zatsopano ndi zosinthidwa, osafufuta kanthu kutsidyako. Mnzake, sync, amafufuta kutsidya chilichonse chimene sichikupezekanso kwanu, ndipo musamugwiritse ntchito musanayesere ndi --dry-run, yomwe imangoonetsa zimene zikanachitika. Mwachizolowezi rclone imatumiza mafayilo anayi nthawi imodzi. Pa netiweki yofooka ndi bwino kutumiza imodzi imodzi, monga --transfers 1 ikuchitira m'lamulo lili pamwambali, kuti ikaduka mutaye theka la fayilo imodzi yokha. Kufooka kwake n'kwakuti mukaiyambitsanso, fayilo imene inadukira panjira imayambira pachiyambi, ngakhale kuti zimene zinafika zonse imazidumpha.

Ngati kutsidyako kuli kompyuta ina yanu kapena seva (kompyuta yosungira mafayilo pa netiweki), mwachitsanzo nthambi ya shopu ku Chitungwiza kapena ku Bulawayo, ndipo mukugwiritsa ntchito Linux kapena Mac, chida chake ndi rsync, imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anaitulutsa mu 1996, nthawi imene intaneti ya pafupifupi aliyense inali yokwawa. Luso lake n'lakuti imayerekeza fayilo ya kuno ndi ya uko m'zigawozigawo n'kutumiza zigawo zokhazo zimene zasiyana, moti fayilo ya 300 MB imene mwangosinthamo mizere ingapo sifuna kutumizidwa yonse.

rsync -avP --bwlimit=60 /home/ntchito/ dzina@seva:/makope/ntchito/

Chilembo cha P chimasunga theka la fayilo yodukira panjira kuti ulendo wotsatira upitirizire pomwepo, komanso chimaonetsa mmene ntchito ikuyendera. Pa Windows, pokopera ku kompyuta ina ya mu ofesi kudzera pa Wi-Fi yofooka, muli kale chida chotchedwa robocopy, chosafuna kutsitsa kanthu:

robocopy C:\Ntchito \\kompyuta2\makope /E /Z /R:5 /W:30

Apa /Z ndiye wopitiriza pamene panadukira. Musaiwale /R:5, chifukwa mukapanda kuilemba robocopy imayesa fayilo yokanika maulendo 1 miliyoni, n'kumadikira masekondi 30 ulendo uliwonse, ndipo mudzaipeza m'mawa itakakamira pa fayilo imodzi usiku wonse. Pewani /MIR mpaka mutamvetsa bwino kuti nayonso imafufuta.

Amene akufuna kusunga mbiri ya mafayilo, kuti athe kubweza kalata mmene inalili mwezi watha, ayang'ane restic kapena Duplicati. Restic imadula mafayilo m'tizidutswa ta pafupifupi 1 MB, imatimanga ndi pasiwedi, ndipo kachidutswa kamene kanafika kale sikatumizidwanso, ngakhale mutasintha dzina la foda kapena kuisuntha. Duplicati imachita zofananako koma imayendetsedwa ndi mabatani. Imalongedza zinthu m'mapaketi a 50 MB, ndipo pa netiweki yodukaduka mungachepetse kukula kwa mapaketiwo. Kwa bungwe losunga kaundula wa zaka zambiri, ndingalangize njira imeneyi kuposa zina zonse, ngakhale kuti tsiku loyamba kuikonza kumafuna kudekha.

Gawo lachisanu: fayilo yaikulu iduleni

Nthawi zina fayilo yaikulu imayenera kudutsa pa netiweki basi, monga vidiyo imene mbale ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akuidikira. Tsegulani 7-Zip, pulogalamu yofinyira ndi kudula mafayilo, musankhe Add to archive, ndipo m'bokosi lolembedwa Split to volumes mulembe 100M. Mudzapeza zidutswa zothera ndi .001, .002, mpaka kumapeto, ndipo chimodzi chikakanika mumatumizanso chokhacho. Wolandirayo ayenera kukhala ndi zidutswa zonse m'foda imodzi, kenaka atsegule choyambacho. Musayembekezere kuti kufinya kuchepetsa mavidiyo a MP4, zithunzi za JPEG kapena makalata a .docx, chifukwa zimenezi zinafinyidwa kale. Pa zoterezi sankhani Store kuti musataye nthawi ndi batire.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: liwiro, nthawi ndi magetsi

Kutumiza kukadzaza njira yonse, china chilichonse pa netiweki imeneyo chimaima: masamba satseguka, kuimba pa WhatsApp kumadukaduka, ndipo a m'nyumba amayamba kudandaula. Lamulo langa ndi kusiya pafupifupi theka la liwiro masana. Pa rsync, --bwlimit=60 ikutanthauza pafupifupi 60 KB pa sekondi, zomwe ndi pafupifupi theka la 1 Mbps. Rclone imalola ndandanda ya nthawi. Mukawonjezera --bwlimit "07:00,30k 19:00,off" imayenda pang'onopang'ono kuyambira 7 koloko m'mawa ndipo imamasuka 7 koloko madzulo. Mapulogalamu a Google Drive, OneDrive ndi Dropbox nawonso ali ndi malo ochepetsera liwiro lotumizira m'makonzedwe awo. Yang'ananinso akuba njira ena: mafoni onse a m'nyumba amene akutumiza zithunzi ndi makope a WhatsApp pa Wi-Fi yomweyo. Ngati kompyuta ili pa hotspot ya foni, Windows ingaione ngati metered connection, kutanthauza netiweki ya data yowerengeredwa, ndipo OneDrive imaima yokha pa netiweki yotere pokhapokha mutasintha makonzedwe ake.

Wokhala mu Harare safuna kuuzidwa za kuzima kwa magetsi. Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, madera ambiri ankakhala maola okwana 18 patsiku opanda magetsi, ndipo ankayaka usiku anthu atagona. Chizolowezi chimene tinaphunzira nthawi imeneyo, chosita ndi kuphika pakati pa usiku, chimagwiranso pano: usiku netiweki imapepukidwa, ndipo ngati kampani yanu ili ndi bandulo ya usiku, mtengo umatsikanso. Pa Windows tsegulani Task Scheduler, mupange ntchito yoyambitsa lamulo lanu usiku uliwonse, ndipo muchonge bokosi louza kompyuta kuti iyambitse ntchitoyo mwamsanga ngati nthawi yake inadutsa kompyuta ili yozima. Pa Linux ntchito imeneyi ndi ya pulogalamu yotchedwa cron. Kenaka lowani m'makonzedwe a mphamvu, muletse laputopu kugona ikakhala pa chaja ndiponso mukaitseka chivundikiro. Ndaonapo kangapo munthu akudzuka m'mawa ali ndi chiyembekezo, n'kupeza kuti makina anagona patangopita mphindi 15 iye atagona.

Laputopu ili ndi batire yake, koma rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi, ilibe. Marauta ambiri a m'nyumba amayendera mphamvu ya 12V ndipo sadya magetsi ambiri, choncho kabatire kakang'ono ka rauta, kapena kuilumikiza ku sola, kumateteza ntchito ya usiku wonse. Kompyuta yapatebulo imafuna UPS, batire yoisunga ili yoyaka kwa kanthawi magetsi akazima, makamaka pamene ikulemba pa hard drive, chifukwa magetsi akazima pakati pa kulemba amatha kuwononga kope limene mumalidalira.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: pasiwedi

Kaundula wokhala ndi manambala a zitupa ndi ndalama za anthu asapite pa intaneti ali poyera. Restic imamanga zonse yokha, Duplicati imapempha pasiwedi poikonza, rclone ili ndi njira yotchedwa crypt, ndipo 7-Zip imamanga ndi njira yolimba yotchedwa AES-256. Pasiwedi imeneyi ikatayika palibe kampani kapena katswiri amene angatsegule makopewo. Ilembeni papepala, muiike m'envelopu, isungidwe kunyumba pamodzi ndi ziphaso. Ngati mafayilo ndi a bungwe, munthu wachiwiri wa m'komiti adziwe pamene pali envelopuyo.

Gawo lomaliza: yesani kubweza

M'mawa uliwonse wa sabata yoyamba, onani ngati ntchito ya usiku inatha. Lamulo la rclone check C:\Ntchito kutali:Makope limayerekeza mbali ziwirizo popanda kutsitsa mafayilo, ndipo limatchula chilichonse chimene chasiyana kapena chikusowa. Restic ili ndi lamulo lake la restic check. Pa fayilo yaikulu imene munaidula, mungayerekeze chidindo chake cha SHA-256 (mzere wa manambala ndi zilembo wowerengeredwa kuchokera m'kati mwa fayiloyo) kuno ndi uko: pa Windows lembani certutil -hashfile kenaka dzina la fayilo ndi mawu oti SHA256, pa Linux lembani sha256sum, manambala akafanana, fayilo inafika yathunthu.

Kamodzi pamwezi chitani zimene tinachita ndi mayi a ku Highfield aja titamaliza kukonza. Tinasankha mafayilo atatu mwachisawawa, kalata imodzi ya chaka chatha, buku la ndalama la mwezi umenewo ndi chithunzi chimodzi, n'kuwatsitsira m'foda yatsopano yopanda kanthu, osati pamwamba pa mafayilo enieni. Tinatsegula iliyonse mpaka tsamba lomaliza. Buku la ndalamalo linatseguka, koma linali la masiku asanu m'mbuyo, chifukwa mayiwo ankalisunga pa Desktop, kunja kwa foda ya Ntchito, ndipo limene linali m'fodamo linali lakale. Tinalisamutsira m'malo mwake, tinasiya kachizindikiro kolozera komweko pa Desktop, ndipo tinayendetsanso lamulo lija, lomwe linatha pasanathe mphindi zinayi. Kenaka mayiwo anatenga kapepala komata, analembapo tsiku, anakamata pa hard drive yachiwiri, n'kuiika m'chikwama kuti Loweruka akaisiye kwa achemwali awo ku Glen Norah ndi kubwerako ndi inzake.